Jekete ya Bambo Ake

Linali Lachisanu, madzulo wamba ngati ena onse. Sitima ya 6 koloko inali itangotsitsa anthu, mabasi akuliza mahutala panja pa siteshoni. M'holo yaikulu, pansi pa wotchi, alendo odzaona malo anali atandanda pamzere kuti ajambulitse ndi Chidole.

Chidole silinali dzina lake. Anamupatsa ndi amayi okolopa, ndipo linamukhala. Siteshoniyo inali yakalekale. Inakhala bwinja zaka zambiri, mileme ikuchitiramo ufumu. Ataikonzanso, n'kuikamo nyale zatsopano, magalasi ndi malo omwera khofi, mabwana anafuna munthu woti azivala ngati wonyamula katundu wa masiku akale, aziyendayenda ndi masutikesi awiri, alendo azijambulitsa naye. M'masutikesimo munali mphepo yokhayokha. Ntchito yake inali kumwetulira basi.

Tsono wonyamula katundu weniweni analipo, bambo ake omubereka. Anasenza mabokosi a anthu pa siteshoni yomweyo zaka makumi atatu, mpaka msana unapindika ngati chikwakwa. Atamva za ntchitoyo anatulutsa jekete yawo yabuluu ya mabatani amkuwa, n'kuisita bwinobwino, n'kupempha mwana wawoyo kuti awaperekeze kukafunsira ntchitoyo. Bwana anayang'ana mdalayo. Anayang'ana mwanayo. Kenako anayang'ana jekete.

"Jeketeyi ndi yeniyeni," anatero bwanayo, "koma mwini wakeyu atiopsezera alendo."

Ndiye Chidole, anthu akuona, anawavula bambo ake jeketeyo n'kuivala yekha. Inamukwana ndendende. Mdala anabwerera kunyumba ndi malaya okhaokha. Manyazi anagwira oonerera, mwini wake ayi ndithu. Anthu enawa mtima wawo sindiudziwa kuti anauumba ndi chiyani.

Madzulo a Lachisanulo foni inalira m'thumba la jekete. Anali achemwali ake, amene ankasamalira mdalayo kunyumba.

"Iwe, bambo afooka. Sakudya, madzi omwe akukana. Akungoti ubwere ndi jekete yawo."

"Jekete ili pantchito."

"Akuti aivaleko kamodzi kokha. Sindikuona ngati afika mawa."

"Mwezi watha munanenanso zomwezo, achemwali. Mdala ameneyo imfa imamuopa. Lero kuli phwando la alendo, ndibwera mawa. Ngati akumva kuzizira afunditseni bulangete."

Anadula foni, n'kuithimitsa, n'kubwezeretsa mano ake panja chifukwa mlendo wina anali atakweza kale kamera.

Phwando linatha cha m'ma 11 koloko. Sitima yomaliza inanyamuka, ogulitsa khofi anatseka, alonda anapita kukakhala ku geti ya kutsogolo. Holo yonse inangoti zii. Chidole anatenga masutikesi ake n'kulunjika ku kachipinda kosinthiramo zovala. Kachipindako kanali pafupi ndi pulatifomu yakale, imene anaitchinga ndi tcheni. Kumeneko sikuimanso sitima. Kuli chitolore chimodzi chachikale, ngolo ya sitima yoti alendo aziona, ndipo ukayenda mapazi makumi asanu ndi limodzi wafika pakhoma.

Akupisa kiyi pachitseko, anamva mawu.

"Wonyamula katundu."

Anacheuka. Kuseri kwa tcheni kunaima mayi wamtali, wovala diresi lofika m'mapazi ndi chipewa chachikulu chophimba nkhope. Pambali pake panali bokosi lachitsulo, lakuda, lomangidwa ndi lamba.

"Zojambulitsa zatha, mayi. Mubwere mawa."

"Nambala 14 si iwe?"

Chidole anayang'ana pachifuwa pake. Kachitsulo ka nambala kanali pomwepo, ka bambo ake. Iye anali asanakawerengepo n'komwe.

"Nyamula. Sitima ikudikira."

Anaganiza kuti ndi mkazi wa bwana wina, wa kuphwando kuja, amene mowa wamukwera. Anthu oterowo sukangana nawo. Anadumpha tcheni akumwetulira, n'kugwira chogwirira cha bokosilo ndi dzanja limodzi monga anazolowerera.

Bokosi silinasunthe.

Anagwira ndi manja awiri. Anakoka, anabuula, mitsempha ya m'khosi inaima. Kachitatu ndiye linakwera paphewa. Mayi uja sanamudikire. Anali atayamba kale kuyenda, ndipo nsapato zake sizinkamveka pa simenti.

Anadutsa chitolore chachikale chija. Chidole ankawerenga mapazi kuti alimbe mtima. Makumi anayi. Makumi asanu. Makumi asanu ndi limodzi. Khoma panalibe.

Pulatifomu inkangopitirira. Nyale zoyera zija zinatha, kunayamba zina zachikasu, zofooka, zolendewera pa mawaya. Kunkanunkha utsi wa malasha. M'mabenchi munakhala anthu, amuna ndi akazi, mitolo ili pamiyendo. Panalibe wolankhula. Panalibe womuyang'ana. Iye amene tsiku lonse anthu ankalimbirana kuima naye, apa ankangomudutsitsa ngati galu.

Anafuna kutula, koma manja anakana kumasuka.

Kenako anazindikira kuti chitsulocho chikutentha. Osati kutentha kwa moto, ayi. Kutentha kwa thupi la munthu wodwala. Kunkamulowa m'khosi, kutsikira kumsana.

"Mayi, muli chiyani umu?"

"Wonyamula safunsa."

Anayenda mapazi ena khumi. M'bokosimo china chake chinatembenuka, pang'onopang'ono, ngati munthu amene mbali imodzi yamutopetsa. Ndiye chinatsokomola.

Chifuwa chimenecho Chidole ankachidziwa. Anakula akuchimva kuseri kwa khoma usiku uliwonse. Kawiri motsatizana, kupuma, kenako kachitatu kokoka. Mkodzo unatsala pang'ono kumupulumuka.

"Mayi, chonde, nditule pang'ono."

"Mwini jeketeyo sanatulepo katundu wa munthu panjira," anatero mayiyo osacheuka. "Ukatula pakhomo la sitima."

Thukuta linali kamukamu. Lamba wa bokosi ankamucheka khutu. Phewa linachita dzanzi, kenako linayamba kuyaka. Apo ndi pomwe mawu anatuluka m'bokosimo, pafupi penipeni ndi khutu lake, otsika, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Pinda mawondo, mwana wanga. Usanyamule ndi msana, udzapweteka."

Chidole analira ngati mwana. Koma musaganize kuti chinali chisoni. Anali mantha, ndipo pansi pa manthawo panali ukali. Mdala ameneyu, ngakhale pano, akumuphunzitsabe ntchito?

"Fupikitsa mapazi," mawu aja anapitiriza. "Watsala pang'ono. Ukuchita bwino."

Kutsogolo kunaoneka sitima. Inali yakuda, yaitali, ikupuma utsi mwakachetechete. Chitseko chimodzi chinali chotsekula, mkati mukuwala. Pakhomopo panaima amuna awiri ovala majekete abuluu ngati yake, misana yopindika, manja atatambasula kuti alandire katunduyo. Ankamwetulira, koma osati kwa iye. Ankamwetulira bokosilo, ngati anthu amene aona mnzawo wakale.

Panatsala mapazi khumi. Khumi okha. Mwana wa sukulu akanawawerenga ndi zala.

"Ndifikitse, mwana wanga," anatero mawuwo. "Sindidzakupemphanso kanthu."

Ena amati anapunthwa. Bodza limenelo. Simenti inali yosalala, ndipo manja ake anali atamasuka. Chidole anaima, anakukuta mano, n'kunena kuti, "Mwandilemera moyo wanga wonse, inu." Ndipo anakankha bokosilo ndi manja onse awiri.

Linagwa chamutu. Phi!

Chifuwa chija chinaleka.

Anthu onse a m'mabenchi anatembenuka nthawi imodzi. Tsopano ndiye anamuyang'ana. Amuna awiri aja anatsitsa manja awo. Mayi uja anabwerera, n'kuima pafupi kwambiri moti Chidole anamva kuzizira kochokera m'zovala zake. Nkhope sanaionebe.

"Zaka makumi atatu ananyamula anthu osawadziwa," anatero mayiyo. "Iye wasowa womunyamula mapazi khumi."

Chitseko cha sitima chinatsekeka. Nyale zinazima imodziimodzi, kuyambira kutali, mpaka mdima unangoti bii.

Anamupeza ndi amayi okolopa, kutacha. Anali kuseri kwa khoma, m'tchire momwe munkadutsa njanji yakale, malo oti sungafikeko popanda makwerero. Anakhala pansi, miyendo tambalale, mame ali thupi lonse. Jekete inali yong'ambika paphewa, ndipo phewalo linali losupuka mpaka kuoneka zofiira. Bokosi panalibe. Mayi mmodzi anayesa nthabwala, akuti, "Achidole, mphepo ya m'sutikesi yakusupulani chonchi?" Koma ataona maso ake anatseka pakamwa.

Chidole anayatsa foni. Achemwali ake anali atayimba kakhumi ndi kawiri.

Atafika kunyumba anapeza mipando ili panja, azimayi akulira m'nyumba. Achemwali ake anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Sanamukalipire. Bola akanamukalipira.

"Usiku wonse amalankhula nawe," anatero. "Amati pinda mawondo, fupikitsa mapazi. Amaseka, iwe. Ine chikhalire sindinawaone akusangalala choncho. Amati mwana wanga wabwera kudzandinyamula."

Achemwaliwo anatsamira chitseko n'kupitiriza.

"Kenako anadzidzimuka ngati agwa kuchokera padenga. Ananditsina dzanja n'kunena kuti, 'Wanditaya.' Basi. Sanapumenso."

Chidole anavula jekete ija n'kuipereka ndi manja awiri. Achemwali ake anaiyang'ana, magazi ali paphewa, ndipo sanailandire.

Amene anasambitsa thupi ndi omwe anayambitsa manong'onong'o. Akuti pachipumi pa mdalayo panali chotupa chachikulu ngati dzira, chatsopano, chonsecho munthuyo anatha milungu itatu osatsika pabedi. Pofika masana nkhaniyo inali itazungulira mzere wonse wa nyumba. Ena ankati mdalayu sanakwere sitima, adakali papulatifomu pomwepo, ndipo adzakhalapo mpaka atapezeka womufikitsa. Ankanena motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwambiri moti Chidole asamve.

Tsiku loika maliro, amuna anaimirira kuti anyamule bokosi. Malo a kutsogolo, kudzanja lamanja, anali opanda munthu. Chidole anasendera, phewa lili ndi bandeji, n'kutambasula dzanja kuti agwire chogwirira.

Bambo ake aang'ono, mng'ono wa malemuyo, anamugwira pamkono. Sanakweze mawu. Anangochotsa dzanjalo pabokosipo, chala chimodzichimodzi, anthu onse akuona.

"Iwe ayi," anatero. "Awa tikufuna akafike."