Nalishebo Azula Tinthambi ta Lalanje

Nalishebo anali ndi mtengo wa lalanje kuseli kwa nyumba. Ankaukonda kwambili. Malalanje ake anali otsekemela ngati uchi.

Atate ake anali aphunzitsi ku Nyampande. Tsiku lina anauzidwa kuti asamukile ku Nyimba pakatha miyezi iwili. Nanga mtengo ungakwele lole? Nalishebo anakwiya. Sanafune kusiya lalanje lake.

Amai Rabecca, alangizi a zaulimi, anamupatsa kaufa koyela. Anati ufawo umathandiza nthambi kumela mizu.

Nalishebo anadula tinthambi tisanu. Anathothola masamba a m'munsi. Anaviika tinthambi mu ufa. Anatibzala mumchenga wonyowa. Anativindikila ndi pulasitiki pamthunzi.

"Tsopano udikile, mwanangu," anatelo Amai Rabecca. "Usatikhudze."

Koma Nalishebo ndi kudikila? Aa, sizigwilizana.

Kutacha anazula kamodzi. Mizu panalibe. Anabwezela. Madzulo anazula kena. Mizu panalibe. Anabwezela. Zula, bwezela. Zula, bwezela. Tsiku ndi tsiku!

Ufa wonse wa pa tinthambi unapukutika. Tinthambi tinafota. Tonse tisanu tinauma gwa.

Nalishebo anapita kwa Amai Rabecca atatupa masaya. Anadandaula kuti ufawo ndi wabodza. Amai Rabecca anamufunsa ngati anazulako. Nalishebo anayang'ana pansi. Anati iye amangofuna kuona mizu, basi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatelo Amai Rabecca.

Ufa unali utatsala pang'ono. Unali wokwana kanthambi kamodzi kokha. Masiku nawo anali kutha. Nalishebo anachita mantha.

Anaganiza, anaganiza. Kenaka anatola botolo loonekela mkati. Analidula pakati. Analiboola pansi. Anathilamo mchenga. Anadula kanthambi kena, nakaviika mu ufa. Anakabzala m'mbali mwenimweni mwa botolo. Anakulunga botolo ndi pepala.

Tsopano akafuna kuona, ankangovundukula pepala. Lelo palibe. Tsiku lina palibe. Aa, mizu iyi kuchedwa! Manja ankamuyabwa. Iye ankawakhalila.

Amai ake anayamba kumanga katundu. "Mailo m'mawa tinyamuka," anatelo. Nalishebo anayang'ana botolo lake. Mtima unamuwawa.

M'mawa lole inafika. Nalishebo anavundukula pepala pang'onopang'ono. Anaona kamuzu koyela ngati ulusi. Anaona kena. Anaona kenanso! Anadumpha. Anaitana amai. Anaitana atate.

Atate anabwela. Anawelama. Anatambasula dzanja kuti akoke kanthambi, aone ngati kalimba.

"Atate, musakhudze!" anatelo Nalishebo. "Onani ndi maso."

Atate anabweza dzanja msanga. Amai anaseka mpaka misozi.

Mpando unakwela kumbuyo kwa lole. Mbale zinakwela kumbuyo. Koma lalanje linakwela kutsogolo, pamiyendo pa Nalishebo, mpaka ku Nyimba.