Kaseti ya Bwato la Ramadhani

Pauline anayamba kudabwa Lachiwiri m'mawa, pamene anagwira makina oonetsera vidiyo n'kuwapeza ali ofunda. Iye ndiye anawazimitsa dzulo lake, ndipo kiyi wa chipindacho anagona naye m'khosi.

Munali mu June 1989, mwera ukuwomba. Pauline anali atangochoka kumene ku koleji, n'kupeza ntchito kwa mzungu wina amene ankajambula nsomba pansi pa madzi ku Senga Bay. Wotsika ndi kamera anali Saidi, botolo la mpweya kumsana, magalasi kumaso. Ntchito ya Pauline inali kuonera makaseti n'kulemba maina a nsomba. Sanali wolankhulalankhula, koma maso ake sankaphonya kanthu. M'makinamo anapezamo kaseti nambala 7, imene iye anaisiya pashelefu. Pasimenti panali zidindo za mapazi aakulu opanda nsapato, zisanaumiretu, zochokera pawindo kukathera pamkeka.

Atayatsa, panaoneka madzi obiriwira, miyala ya kuchilumba cha Namalenje, ndi nsomba za mbuna zabuluu zikudya ndere. Kenako kamera inatembenuka. Pamchenga panagona bwato lopendekeka, ukonde utalikulunga, kutsogolo kwake kuli chigamba cha lata.

Lachitatu zinachitikanso. Kaseti yomweyo, itaima pa bwato lomwelo.

"Achemwali, mwina nsomba zikubwera kudzadzionera zokha," anatero Saidi, koma kuseka kwake sikunafike patali. Anatsitsa mawu. "Pamalo pajatu ine sindidzatsikaponso. Madzi ake ndi ozizira mwamtundu wina. Ndinkangomva ngati wina ali kumbuyo kwanga, akudikira kuti ndimalize."

Nkhani inafika kumjigo. Amayi ena ankati mwini bwatolo akutuluka m'nyanja kudzaona katundu wake. Ena ankanong'ona zoopsa kuposa pamenepo, zoti wina akuba zithunzi kuti apereke kwa adani a boma. Mzungu uja anachita mantha ndi mphekesera yachiwiriyi, ndipo ananena kuti Lachisanu akadziwitsa apolisi kuboma. Aliyense anadziwa amene adzatengedwe: a Lameck, mlonda, bambo wa ana asanu ndi mmodzi a ku Lifuwu. Masiku amenewo munthu akatengedwa pa nkhani ya makaseti, palibe ankafunsa za tsiku lobwera.

"Mwanangu, ine ndimakhala kugeti," anatero a Lameck. "Ndimamva ndithu mawu apansipansi m'chipindamo, ngati munthu akutonthoza khanda. Koma kuti ndikasuzumire? Miyendo imakana."

Lachinayi usiku Pauline sanapite kwawo. Anadzitsekera m'chipindamo, n'kukhala kuseri kwa mabotolo a mpweya, chitsulo chake chikumuzizira m'mapewa. Mdima unali woti ngakhale dzanja lake samaliona. Mafunde ankamenya gombe, kubwerera, kumenyanso. Lata limodzi la padenga linkalira mphepo ikakoka. Nthawi inayenda pang'onopang'ono mpaka agalu a m'mudzi anatopa kuuwa.

Ndipo anamva madzi akuthiridwa panja, pafupi ndi windo. Pang'ono, n'kusiya. Pang'ono, n'kusiyanso. Windo lija, limene loko wake anathyoka kalekale, linatseguka mosachita phokoso. Chinthu chachifupi, chofunda nsalu kumutu, chinalowa movutikira, chikupuma mwabefu. Chinapapasa pashelefu, chikuwerenga makaseti ndi chala. Makina analira, ndipo kuwala kobiriwira kunagwa pankhope.

Anali mayi Kulusumu, amene ankasesa m'chipindamo ndi kuphikira antchito.

Anakhala pamkeka, miyendo atapinda, manja atatambasula. Bwato litaoneka, anadina batani, chithunzi n'kuima chikunjenjemera.

"Salaam aleikum, Ramadhani," ananong'ona. "Ndabweranso, bambo. Mng'ono wako wakolola mpunga, matumba anayi. Mbuzi ija yabereka."

Pauline anayesetsa kuti asasunthe, koma botolo lina linagunda linzake. Mayiwo sanadzidzimuke.

"Tulukani, a Pauline. Sopo wanu ndinamumva ndikulowa."

"Amayi," anatero Pauline, "bwatolo mukulidziwa?"

"Ndi la mwana wanga. Chigambacho anadula pa ndowa yanga. Ndinamukalipira tsiku lonse." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Zaka zisanu ndi chimodzi. Anapita ku ukonde, mwera wonga womwewu. Sitinamusambitse, sitinamuveke sanda, manda alibe. Anzanga akamadutsa kumanda amaloza kuti wanga ali apo. Ine ndiloze kuti? Ndiye tsiku lija ndikusesa, inu mukuonera, ndinangoona ndowa yanga pansi pa nyanja."

"Makinawa anakuphunzitsani ndani?"

"Inu nomwe. Mumayesa wosesa alibe maso?" Anamwetulira pang'ono. "Ndimayamba ndasamba m'mapazi panjapo, monga popita kukaswali kumzikiti. Kwa ine pano ndi pamanda."

Mantha anamuchoka Pauline. Anawauza za apolisi, ndi za a Lameck. Mayiwo anagwira pakamwa.

"Astaghfirullah! Munthu wosalakwa? Ndikadziulula ndekha m'mawa."

"Ayi, amayi. Inu akakuchotsani ntchito, mwinanso kukutengani. Ndikanena kuti ndine, ndimabwera usiku kudzamaliza kulemba. Kiyi ndi wanga, andikhulupirira. Akandikalipira, basi. Ndipo ndimupempha Saidi akutengeni pa boti, akakuonetseni pamwamba pa malowo. Kutsika wakana, koma kuloza sangakane."

Mayi Kulusumu anagwira dzanja la Pauline n'kulisisita ngati la mwana wodwala.

"Bwerani, mumuone bwino. Anali wamanyazi ngati inu."

Pauline anaimirira kuti akakhale nawo pamkeka. M'kuwala kobiriwira kuja anaona zidindo za mapazi a mayiwo pasimenti, zazing'ono ngati za mtsikana. Pambali pake panali zina, zazikulu, zodzaza madzi, m'mphepete mwake muli mchenga woyera. Zinachokera pawindo, n'kukathera kumanzere kwa mayiwo. Zobwerera panalibe. M'chipindamo munkamveka fungo la ndere.

Pauline anaima pomwepo. Mayi Kulusumu anamukoka pang'onopang'ono, kumukhazika kumanja kwawo.

"Kuno, mwanangu. Uko n'konyowa," anatero. "Musaope. Sanapwetekepo munthu. Amangofuna kukhala pafupi ndi mayi ake."