Botolo la Pamwamba pa Firiji

Tsiku limene firiji yaikulu ya mushopu ya vinyo inasiya kuzizira, kunabwera mnyamata wamtali atanyamula bokosi la zipangizo, kolala ya ovololo ili chiimire ngati akupita kukajambulitsa. Anagwada kuseri kwa firijiyo, koma maso ake sanali pa mawaya. Anali pa mtsikana amene ankatulutsa mabotolo mwachangu n'kumawaika m'chidebe cha ayezi.

Mtsikanayo anzake a kuntchito ankamutcha Kamphuno, chifukwa akangonunkhiza pa tambula ankakuuza ngati vinyo ali bwino kapena wafa, asanalawe n'komwe. Mnyamatayo anamufunsa chifukwa chake ankapulumutsa mabotolo oyera okha, ofiira n'kuwasiya pashelefu. Kamphuno anamuyankha mwachidule kuti woyera ndi wosachedwa kukhumudwa, kutentha kukangomukhudza kukoma kwake kumathawa.

"Ndiye kuti inunso ndinu woyera, asisi. Ndiyenera kukusamalani."

Kamphuno anaseka. Ndipo apa m'pamene analakwitsa, chifukwa mnyamatayo, amene anthu ankamutcha Wamafiriji, ukangomusekerera kamodzi, mawa umamupeza pakhomo. Firiji anaikonza tsiku lomwelo, koma sabata yonse ankabwerabe, ati kudzamvetsera ngati injini ikulira bwino.

Posakhalitsa dzina lakuti Kamphuno linatha, anasanduka "mphesa yanga". M'mawa uliwonse foni inkalira: "Mphesa yanga, wadzuka? Ine tulo sindinatione, ndimangokuganiza." Kamphuno ankawerenga mauthengawo kuseri kwa kauntala, akumwetulira yekha ngati wopenga. Ankamukonda mnyamatayo ndi mtima wonse, osasiyako ngakhale kachigawo koti adzatsamire zikadzavuta.

Loweruka lililonse ankapita kwa Wamafiriji kukaphika. Anamuphunzitsa kuti nsomba yothira ndimu imafuna vinyo woyera wowawasa pang'ono, wa fungo la apulo wosapsa, amene amatsuka mafuta m'kamwa kuti nthuli yachiwiri ikome ngati yoyamba. Anamuphunzitsa kuti chakudya cha tsabola chimafuna wotsekemerako, kuti azimitse moto. Anamuuzanso kuti asamauziziritse mpaka mano kuwawa, chifukwa fungo limabisala. Wamafiriji ankagwedeza mutu ngati mwana wasukulu wakhama, kwinaku akumusisita dzanja.

Tsiku lina anafika kushopu n'kunena kuti amusankhire botolo limene iye Kamphuno amalikonda kuposa onse. Kamphuno anatenga lobiriwira, la khosi lalitali, n'kunena kuti akalitsegule Loweruka lomwelo. Wamafiriji anakana. Anamasula kaliboni kachikasu kamene kanali kutsitsi la Kamphuno, n'kukamanga pakhosi pa botolo.

"Botolo ili tidzatsegula tsiku limene ndidzakuveke mphete. Palibe mkazi wina adzalawe."

Kamphuno anamuchenjeza kuti vinyo wotere si wosunga, amamwedwa akadali mwana. Wamafiriji anati ndiye bwino, mphete ibwera msanga. Anakaliika pamwamba pa firiji ya kukhitchini kwake, pamalo otentha kuposa onse m'nyumbamo. Munthu wodziwa mafiriji! Kamphuno akalitsitsa, iye ankalibwezera, ati akufuna aziliona akangodzuka.

Chaka chinatha, china chinadutsa. Mphete inali nkhani ya "mwezi wamawa" ndi "ndingomaliza kaye kontirakiti iyi". Maloweruka anayamba kuchepa, pakuti mafiriji a dziko lonse anayamba kuwonongeka kumapeto kwa sabata. Kamphuno ankaona vinyo uja akusintha mtundu m'botolo, koma ankadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachitatu lina masana, mushopu munalowa mtsikana wovala yunifolomu ya unamwino, wankhope yofatsa, akuoneka kuti wathamanga pa nthawi yopuma. Anapepesa kuti za vinyo sadziwa chilichonse. Anati chibwenzi chake chili ndi botolo lapadera limene chinagula mushopu yomweyo, dzina la shopuyo analiona pa kapepala komata kumbuyo, ndipo Lamlungu chikubwera nalo kwa mayi ake a mtsikanayo kudzamuveka mphete. Iye ankafuna kudziwa chakudya choyenera kuphika kuti asachite manyazi.

Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi.

Kamphuno anaona botolo lobiriwira ndi kaliboni kachikasu. Anaona firiji yokhala ndi chogwirira chothyoka, ndi katani ya mizeremizere imene anasoka yekha ndi manja ake. Anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Anandiuza kuti palibe mkazi wina adzalawe," anatero Namwino, akuseka mwamanyazi. "Amanditcha mankhwala ake. Amuna enawa, pakamwa ngati anadya uchi."

Mankhwala ake! Kodi uyu akanakhala wogulitsa nsapato, akanamutcha chiyani? Kamphuno akanatha kunena zonse pomwepo. Koma ankamudziwa Wamafiriji: akanalira, akanagwada, akanati wa kushopu uja ndi wamisala amene amangomufuna, ndipo pofika Lamlungu mphete ikanalowa chala bwinobwino. Ayi. Kamphuno sankafuna kungomuulula. Ankafuna kumuona akuvutika, pamalo poti lilime lake silingamupulumutse.

Choncho anangogwira ntchito yake. Anamuuza Namwino kuti agule nsomba yoyera mnofu, aiwotche mu uvuni ndi batala, adyo pang'ono ndi ndimu, pambali aike mbatata ndi masamba aawisi. Tsabola asachulutse, msuzi wa tomato asayerekeze. Namwino atadandaula kuti kwawo kulibe matambula a mwendo wautali ngakhale chotsegulira, Kamphuno anati zimenezo shopu imabwereketsa, ndipo iye mwini adzabwera nazo kudzathandiza kuthira.

"Mulungu akudalitseni, achemwali. Muli ndi mtima wabwino."

Mawu amenewo anamulasa Kamphuno, koma sanabwerere m'mbuyo.

Lachisanu uthenga unafika: "Mphesa yanga, Lamlungu ndili kutali, firiji ya fakitale yafa. Ndikusowa kale." Kamphuno anauyang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera pa galasi la foni. Kenako anapukuta ndi chala n'kuyankha: "Ugwire bwino ntchito, wokondedwa. Usaiwale kumwa kanthu kozizira."

Lamlungu anavala malaya oyera ndi epuloni yakuda ya kuntchito, tsitsi analimanga lopanda liboni. M'dengu anaika matambula, chotsegulira, kachidebe ka ayezi, ndi botolo lina latsopano la mtundu womwewo. Analawirira kufika. Mayi ake a Namwino, mayi wathupi wa magalasi ochindikala, anamulandira bwino n'kumulowetsa kukhitchini, kumene nsomba inali itayamba kale kununkhira.

Ali kukhitchiniko anamva mawu amene ankawadziwa ngakhale ali m'tulo. Wamafiriji ankapereka moni mwaulemu, akuyamikira makatani, akuyamikira maluwa, akuyamikira ngakhale mphaka. Namwino anabwera akuthamanga ndi botolo lija n'kulipereka kwa Kamphuno kuti aliziziritse. Kaliboni kanali katasuluka ndi fumbi. Kamphuno analiika m'madzi a ayezi ndipo anadikira mpaka onse atakhala patebulo.

Atatulukira ndi thireyi, Wamafiriji anali pakati pofotokozera apongozi kuti nsomba imafuna vinyo wotsuka mafuta m'kamwa. Anakweza maso. Foloko inagwa pansi.

Namwino anati awa ndi achemwali a kushopu amene amuthandiza kwambiri. Kamphuno anawerama pang'ono monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Anaonetsa botolo kwa mwini wake, anadula chokutira, analowetsa chotsegulira mosafulumira. Chitsekerero chinatuluka chouma, chikunyenyeka. Sanafunike n'kuyandikitsa mphuno, fungo linamupeza lokha: apulo wovunda ndi viniga.

Anafotokozera mayi aja kuti mwambo wa vinyo ndi wakuti wobweretsa botolo ndiye amayamba kulawa, ndipo akavomereza m'pamene ena amathiriridwa. Anathira pang'ono mu tambula ya Wamafiriji. Vinyo amene kale anali woyera ngati madzi a ndimu anatuluka wofiirira ngati tiyi wogona.

"Lawani, bwana."

Wamafiriji ananyamula tambulayo. Akanati vinyo wafa, akanafunsidwa kuti anagula liti ndipo anagulira ndani, wogulitsa ali chiimire pomwepo. Akanati ali bwino, ndiye kuti amwe. Anamuyang'ana Kamphuno ndi maso opempha, maso omwe aja ankamusungunula nawo mtima. Kamphuno anangoyang'ana khoma.

Anamwa. Nkhope inakwinyika, khosi linavutika kumeza, thukuta linatuluka pamphumi.

"Ali bwino," anatero ndi mawu otsamwa.

"Ali bwino? Ndiye ndikuwonjezereni."

Wothira vinyo sadzaza tambula, aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa. Kamphuno anadzaza mpaka m'milomo. Kenako anaimika botolo pambali pa mbale ya Wamafiriji, matambula a Namwino ndi mayi ake n'kuwasiya ouma.

Mayi aja anatsitsa magalasi n'kufunsa ngati iwo saloledwa kulawa nawo.

"Mayi, inu sindingakupatseni. Vinyoyu anafa kalekale. Ndinamusankha ndine, ndipo ndinawauza bambowa kuti si wosunga. Iwo anati asunga mpaka tsiku lodzandiveka ine mphete. Kaliboni aka anamasula kumutu kwangaku."

Namwino anaika foloko yake pambale. Mphaka yekha ndiye ankayenda pansi pa tebulo.

Wamafiriji anayamba kulankhula zambiri nthawi imodzi. Anati ndi nkhani yakale, anati mtsikanayu sanamvetse, anati iye amangokonza firiji ya kushopu kwawo. Anatembenukira kwa Namwino n'kumutcha mankhwala ake. Kamphuno anafunsa modekha ngati firiji ya fakitale ija yatheka kale, poti mpaka Lachisanu mphesa yake inauzidwa kuti Lamlungu ali kutali.

Mayi aja sanakweze mawu. Anamuuza Wamafiriji kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo popeza wanena yekha kuti vinyo ali bwino, amalize tambula yakeyo asanatuluke, pakhomo pawo sataya zakumwa. Anamuyang'anitsitsa mpaka anamwa yense, dontho lililonse, maso ali psuu. Kenako anamupatsa botolo lake m'manja n'kumulozera chitseko. Kabokosi ka mphete kanatuluka m'nyumbamo kali m'thumba momwe kanalowera.

Kamphuno anamva kukoma kumene anakuyembekezera kuyambira Lachitatu. Kunali kukoma kwenikweni, sangakane. Koma sikunakhalitse, chifukwa atatembenuka anapeza Namwino akumuyang'ana, misozi ikutsika mwakachetechete pa diresi latsopano.

"Munadziwa tsiku lomwe lija, achemwali?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye munandisiya ndigule nsomba? Ndikonze tsitsi, ndiwauze mayi anga?"

Kamphuno anafuna kunena kuti anachitira iye, kuti amupulumutse. Koma bodza linali litakwana m'nyumbamo tsiku limenelo.

"Ndinkafuna amwe pamaso panu. Za inu sindinaganize mokwanira. Pepani."

Anayamba kulongedza matambula ake kuti azipita, koma mayi aja anamugwira pamkono. Anati nsomba sinalakwe kanthu, ndipo ana awiri olira sangawasiye ndi njala. Anafunsa ngati m'dengu muja mulibe china chomwera. Kamphuno anatulutsa botolo latsopano lija, lozizira bwino, mame ali mbuu pagalasi. Chitsekerero chinatuluka ndi kaphokoso koyera. Anathira matambula atatu, pang'onopang'ono monga mwa ntchito, n'kukhala pampando umene Wamafiriji anasiya.

Asanayambe kudya, mafoni awiri analira nthawi imodzi. Namwino anayang'ana yake, Kamphuno yake. Namwino anatembenuza foni kuti mnzakeyo aone: "Wokondedwa, ndiwe wekha mumtima mwanga, ndilole ndifotokoze." Kamphuno anatembenuzanso yake. Mawu anali omwewo, ngakhale chilembo chimodzi chosasiyana. Namwino anaseka kuseka kowawa kosakanikirana ndi kulira, ndipo mafoni onse awiri anagonekedwa chafufumimba patebulo.

Mayi aja analuma nsomba, anamwera vinyo, n'kugwedeza mutu kuti zikugwirizanadi. Namwino anapukuta m'maso, anazunguza tambula yake mosadziwa bwino, n'kufunsa kuti kodi vinyo ameneyu akakhala wamoyo amanunkhira chiyani.

Kamphuno anakweza tambula n'kuikapo mphuno yake yotchuka ija. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri. Apulo sanamumve, ndimu sanamumve. Mphuno inali itatsekeka ndi kulira kumene anakubisa kuyambira Lachitatu, ndipo tsopano kunali kutuluka kopanda womuletsa.

"Lero sindikumva kanthu," anatero. "Ingomwani asanatenthe."