Fodya pa Waya wa Magetsi

Jessie anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala pafupi ndi Namitete. Anali ndi vuto limodzi. Akayankhula, akuluakulu ankangoseka.

Mphuno ya Jessie inkamva chilichonse. Ndiwo zikapserera, Jessie ankamva. Khoswe akafera kuseri kwa matumba, Jessie ankamva.

"Mwana uyu tizipita naye kosaka," ankatero bambo ake, a Alufeyo. Onse ankaseka. Jessie yekha sankaseka.

Nyumba yawo inali yakale. Anaimanga ndi agogo ake, Jessie asanabadwe. Ukayang'ana kumwamba, unkaona malata. Unkaonanso waya wa magetsi. Wayayo anali wakuda. Anali wong'alukang'aluka. Ankadutsa m'mwamba, kuchoka khoma ili kufika khoma ilo.

Tsiku lina kunabwera a Gregory, okonza magetsi. Anabwera kudzakonza babu. Anayang'ana waya uja. Anapukusa mutu.

"Waya uyu watopa, a Alufeyo. Akufunika wina."

"Tidzakonza tikamaliza za fodya," anayankha a Alufeyo.

Jessie anali pomwepo, maso ali tong'oo. A Gregory anamuonetsa swichi yaikulu. Inali pamwamba pa chitseko.

"Mwanawe, ukadzamva fungo la pulasitiki wopsa, uzimitse apa. Manja akhale ouma. Ndipo waya akamayaka, osathira madzi. Madzi amanyamula magetsi."

"Madzi ayi," anabwereza Jessie. Mawuwo anawasunga.

Inali nyengo ya fodya. A Alufeyo anayanika fodya wawo m'chigafa. Anamupachika pa mikangala, ndodo zoyanikapo fodya. Masamba anauma bwino. Anali ofiirira, okongola.

Loweruka masana kunabwera chimphepo. Chinasasula denga la chigafa. Kumwamba kunada bii!

"Fodya anyowa!" anakuwa a Alufeyo. "Amake Jessie, thamangani! Tilowetse m'nyumba!"

Bambo anathamanga. Mayi ake a Jessie, a Gertrude, anathamanga. Jessie nayenso anathamanga. Ananyamula fodya ndi mikangala yake. Anabweranso. Ananyamulanso.

M'nyumba munadzaza. Malo opachika anatha. A Alufeyo anakanda mutu. Kenako anayang'ana kumwamba.

"Aaa, chingwe si ichi!"

Anakwera pampando. Anapachika fodya pa waya wa magetsi. Anapachika wina. Anapachikanso wina. Waya anayamba kulendewera.

"Ababa," anatero Jessie, "a Gregory anati waya uyu watopa."

"Waya ameneyu ndi wamkulu kuposa iwe," anayankha bambo. "Sanagwepo chiikireni agogo ako."

"Koma ababa..."

"Iwe, mvula iyi! Tikambirana madzulo."

Bambo anapita kukafolera chigafa. Mayi anapita kukhitchini, kuseri kwa nyumba. M'nyumba munatsala Jessie ndi mng'ono wake, Mayamiko. Mayamiko anali khanda. Anagona pamphasa. Pamwamba pake panali fodya.

Mvula inayamba. M'nyumba munachita mdima. Jessie anayatsa babu. Anatenga buku lake.

Babu linaphethira. Linaphethiranso.

Jessie ananunkhiza. Linali fungo la fodya. Ananunkhizanso. Pansi pa fungo la fodya panali fungo lina.

Anathamangira kukhitchini.

"Amayi, m'nyumba mukununkha."

"Ndi fodya, iwe. Nyumba yonse ndi fodya."

"Si fodya, amayi."

"Mphuno yakoyo yayambanso, eti? Pita ukamuone mwana."

Jessie anabwerera. Anafuna kulira. Palibe amene ankamumvera.

Analowa m'nyumba. Anaima. Anamvetsera.

Thethethe!

Anayang'ana kumwamba. Waya ankathetheka. Utsi unkatuluka. Tsamba limodzi linagwira moto. Lachiwiri linagwiranso. Pansi pake, Mayamiko anali mtulo.

Jessie anachita mantha kwambiri. Koma sanathawe. Anawerama. Ananyamula Mayamiko. Mwanayo ankalemera. Jessie anamukumbatira zolimba. Anatuluka naye pakhonde.

Kumbuyo kwake, tsamba loyaka linagwera pamphasa.

"Moto! Amayi, moto! Ababa!"

Mvula inkasokosa pamalata. Bambo sanamve. Koma mayi anamva. Anatulukira akuthamanga, ndowa ya madzi ili m'manja. Anali atanyowa thupi lonse.

"Mwana ali kuti?"

"Uyu apa! Ali bwino!"

Mayi analunjika pakhomo. Anakweza ndowa.

Jessie anakhazika Mayamiko pansi. Anaima pakhomo. Anatambasula manja.

"Amayi, madzi ayi!"

"Choka, Jessie! Nyumba ikupsa!"

"Madzi ayi! Magetsi akadali oyaka! Akugwirani!"

Mayi anaima. Anayang'ana waya. Anayang'ana mwana wawo. Anatsitsa ndowa.

"Ndizimitse swichi," anatero mayi.

"Ayi! Manja anu ndi onyowa!"

Jessie anayang'ana swichi. Inali kutali, pamwamba pa chitseko. Anadumpha. Sanafikire. Utsi unamulowa m'maso. Anatsokomola.

Kuseri kwa chitseko kunali mkangala. Unali wouma. Jessie anapukuta manja pa diresi. Anautenga. Anaukweza.

Anakankha. Ndodo inaterereka.

Anakankhanso. Inatererekanso.

"Jessie, tuluka!" analira mayi.

Jessie analuma mlomo. Anagwira ndi manja awiri. Anakankha ndi mphamvu zake zonse.

Kha!

Babu linazima. Waya anasiya kuthetheka.

"Tsopano thirani, amayi!"

Mayi anathira madzi. Bambo anaona utsi. Anafika ali wefuwefu. Anthu oyandikana nawo anafikanso ndi ndowa. Anathira. Anathiranso. Moto unazima.

Mvula yokha inkamveka.

Fodya wa pawaya anapsa yense. Anasanduka phulusa. Wina wa m'mbali ananyowa. A Alufeyo sanayang'ane fodyayo. Anayang'ana pansi. Anatola mphasa ija. Pakati pake panali chibowo chakuda. Panali pomwe Mayamiko anagona.

Bambo anakhala pansi, pamadzi pomwepo. Ananyamula Mayamiko. Anakoka Jessie. Anawakumbatira onse awiri.

"Unandiuza, mwanangu," anatero. "Ine sindinamve. Pepa."

Apa m'pamene Jessie analira. Analira kwambiri. Mayi nawonso analira. Mayamiko anangowayang'ana, akuyamwa chala.

Swichi sanaiyatsenso. Lolemba m'mawa, bambo anapalasa njinga. Anakatenga a Gregory.

A Gregory anachotsa waya wakale yense. Anaika watsopano. Anamulowetsa m'mapaipi oyera. Mapaipiwo anawakhomera kukhoma. Anaikanso kabokosi katsopano.

"Kabokosi aka kamazimitsa magetsi kokha pakakhala vuto," anatero. Kenako anayang'ana a Alufeyo. "Koma fodya apite m'chigafa, akulu. Waya si chingwe."

"Ndamva," anayankha bambo. "Ndamva ndi makutu onse awiri."

Bambo anafolera chigafa. Anabwezera fodya wotsala. Mikangala yonse inabwerera kuchigafa. Unatsala umodzi wokha. Bambo anaupachika pakhoma, pafupi ndi chitseko.

"Uwu ndi wa Jessie," anatero. "Aliyense asaukhudze."

Madzulo onse anakhala pamphasa yatsopano. Mayi anayatsa babu. Silinaphethire.

Bambo anatembenukira kwa Jessie. Sanaseke.

"Jessie, tanunkhiza. Ukumva chiyani?"

Jessie anatseka maso. Ananunkhiza uku. Ananunkhiza uko. Onse anadikira.

"Waya ali bwino," anatero. "Koma amayi, mbatata zikupserera."

Mayi anadzambatuka. Bambo nawonso anadzambatuka. Onse awiri anathamangira kukhitchini.