Wokwera Kumbuyo kwa Lole ya a Enoki

Nkhani iyi sindinaitole pamowa. Anandiuza ndi a Dominiko, mmisiri wa matabwa wa kwathu kuno ku Mvera, munthu wosadziwa kukometsa nkhani, moti ngakhale nthabwala imawafera mkamwa. Iwowo anali m'lolemo tsikulo. Zina ndinadzazimva kwa mayi Tabita, amene muwadziwe kutsogoloku. Wofuna kutsutsa akatsutsane ndi awiriwo.

A Enoki Mbewe anali dalaivala wopuma ntchito, amene paunyamata wawo anayendetsa malole a asilikali a Keyala pa nkhondo yachiwiri ija. M'chaka cha 1971, amwenye a masitolo atayamba kusamukira m'mizinda ikuluikulu, mmodzi wa ku Dowa anasiya kuseri kwa sitolo yake chiphakasa cha lole ya nkhondo, ya mtundu womwe a Enoki ankayendetsa. Matayala anali ataphwa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Aliyense wodutsa ankangoona dzimbiri, koma a Enoki atachiona anavula chipewa. Anachikoka ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi masiku atatu, nakachilowetsa m'chigafa chawo, fodya wa chaka chimenecho n'kusowa pomupachika.

Akazi awo anali atamwalira, ana ali kuntchito ku Lilongwe, ndiye panalibe wowadzudzula. Kukacha ankamasula bawuti imodziimodzi, kuitsuka m'palafini, n'kuiyanika pachiguduli. Chitsulo chikasowa ankakwera basi kukachisaka m'magalaja, n'kubwera nacho atachikulunga m'jekete ngati khanda. A Dominiko ndiwo anawakhomera matabwa a kumbuyo, ndipo ubwenzi wawo unayambira pamenepo. Wapampando wa chipani m'mudzimo anabwerapo kudzafunsa kuti penti wobiriwira wa asilikaliyo waloleza ndani, n'kuwonjeza kuti loleyo ikatha izidzanyamula amayi opita kukavina kumisonkhano. A Enoki anangoti, “Sinathe.” Yankho lomwelo ankapatsa aliyense, chaka ndi chaka.

Anthu ankati ndi masewera a nkhalamba yosowa chochita. Sankadziwa chimene chinkawadya mumtima.

Kunkhondoko a Enoki sanapite okha. Anapita ndi mng'ono wawo Yoswa, amene anasiya mkazi wake, a Elube, ali oyembekezera kwawo m'mapiri a ku Ntchisi. Tsiku lina ku Abisiniya, dziko limene lero timati Ethiopia, malole ali pamzere kutsika phiri, Yoswa anali kumbuyo kwa lole ya mkulu wakeyo, ataimirira pamwamba pa katundu. Anaona kuti kutsogolo msewu wagumuka. Anamenya denga katatu ndi chikhatho, monga amachitira aliyense wokwera kumbuyo akafuna kuti dalaivala aime. A Enoki anamva bwinobwino. Koma lamulo linali loti pamzere saimaima, komanso Yoswa anali ndi chibwana chogogoda dala pofuna kuwaputa. Sanaime. Lole inapendekeka, n'kugwa cham'mbali, ndipo Yoswa anapezeka pansi pake.

Kalata ya imfa akuluakulu a asilikali anaipereka kwa a Enoki, poti ndiwo anali mbale wake pomwepo. A Enoki anaiotcha. Atabwerera kumudzi mu 1946 anapeza a Elube ataima panjira ndi kamwana ka zaka zisanu, Tabita, akusuzumira kumbuyo kwawo kuti aone ngati kukubwera wina. Lilime linawakanika. Anati Yoswa watsalira ku Nairobi, wapeza ntchito, abwera posachedwa. Bodza lake linali lomwelo, lalifupi, koma a Elube analisenza pafupifupi zaka makumi atatu. Sanamete maliro, sanakwatiwenso. Amuna awiri anadzawafunsira, iwo n'kuwabweza ndi mawu akuti mwini nyumba ali paulendo.

Tsono a Enoki anali atalumbira mumtima kuti loleyo ikadzatha, ulendo wake woyamba udzakhala wa ku Ntchisi, kukagwada pamaso pa mlamu wawo ndi kunena zoona. Ine ndimati n'chifukwa chake sinkatha. Penti akauma ankamupezera chifukwa, n'kumupala, n'kupakanso.

Koma chitsulo sichidziwa kunama. Mu Okutobala 1974, masana dzuwa likuswa mtengo, a Enoki anapukusa hendulo mongoyesa, injini n'kutsokomola kawiri, kenaka n'kulira bwinobwino ngati sinagonepo. A Dominiko anaomba m'manja. A Enoki anakhala pachiwongolero, nkhope ili gwa, n'kuizimitsa.

M'chigafa munati zii. Kenaka padenga la lole panamveka kugunda kwa chikhatho. Gu, gu. Kawiri.

Aliyense amene anakwerapo kumbuyo kwa lole amadziwa: katatu ndi “imani”, kawiri ndi “tiyeni, takwera”.

“Ndi dzuwa ili,” anatero a Dominiko. “Chitsulo chikudziwongola.”

“Inde, ndi dzuwa,” anayankha a Enoki. Sanatembenuke.

Chiyambire tsiku limenelo loleyo inayamba kukhala chopendekera pang'ono kumbuyo, mbali ya kumanzere, ngati pakhala munthu pakona. A Enoki anasintha sipuling'i ya mbali imeneyo, koma sizinathandize. Nkhuku zimene zinkakonda kufukula m'chigafamo zinaleka kulowamo. Pamwamba pa fungo la girisi ndi penti panabwera fungo lina, la bulangete la asilikali lonyowa ndi mvula, ngakhale kunja kunali fumbi lokhalokha. A Dominiko ankalimva, koma sankalidziwa. A Enoki ankalidziwa.

Chakumayambiriro kwa dzinja kunabwera kalata yochokera kwa Tabita, amene tsopano anali mayi wa ana ake. Analemba kuti amayi akutsokomola, thupi likutha, ndipo akufunsa za alamu awo. A Enoki anayankha kuti misewu ya ku Ntchisi siyendeka nthawi ya mvula, adzabwera ikakata. Mvula inakata mu Epulo. Iwo anapeza kuti mabuleki akufunika kuwaonanso. Akulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo a Enoki mwambiwo ankaudziwa ngati wina aliyense. Anali ndi mantha basi, mantha a maso a mayi mmodzi wokalamba.

Tsiku lake linali Lachitatu, mu Juni, m'mawa wozizira wopanda dzuwa. A Dominiko anali kumbuyo kwa lole, ali pansi, akukonza chitseko cha matabwa. A Enoki anali atagona kunsi ndi sipanala.

Gu, gu.

Onse anasiya zimene ankachita.

Gu, gu.

A Dominiko anayang'ana m'lolemo. Munali matabwa awo omwe aja, opanda kanthu. Fungo lija linali litadzaza chigafa chonse.

“A Mbewe,” ananong'ona, “lero kulibe dzuwa.”

Kugundako kunabweranso, mofulumira tsopano, ngati kwa munthu amene watopa n'kudikira. A Enoki anatuluka kunsi kuja chokwawa, nakhala pansi m'fumbi, n'kuyamba kulira. Anaulula zonse, za phiri lija, za kalata, za Nairobi. A Dominiko anamvetsera mpaka pamapeto.

“Nanga mukudikira chiyani?” anafunsa. “Pukusani hendulo.”

Ananyamuka nthawi yomweyo. Atadutsa Dowa n'kuyamba kukwera mapiri analowa m'chifunga chokhuthala, moti mitengo inkangooneka ikafika pafupi. Pamphambano ina anawaimitsa a Yufi a malaya ofiira, ofuna makhadi a chipani. Awiriwo anaonetsa awo. Mmodzi wa a Yufiwo analoza kumbuyo ndi chibwano.

“Nanga bambo ali kumbuyowo?”

Munthuyo anazungulira, nasuzumira, nakhalako kanthawi. Atabwera sanayang'ane aliyense kumaso.

“Pitani,” anatero. “Pitani msanga.”

Atasiya lole mumsewu n'kuyenda pansi kukafika kumudzi kwa a Elube, anauzidwa kuti odwala anawatengera kuchipatala cha kuboma masiku atatu apitawo. Anatembenuza lole. Atafika kuchipatalako anapeza Tabita atakhala pakhonde ndi amayi ena a m'mudzi, chitenje chili kumutu. A Enoki atangoona kakhalidwe kawo, anadziwa kuti achedwa. A Elube anali atatsikira kulichete m'mawa womwewo.

Tabita ataona loleyo anadzuka, nagwira a Enoki dzanja ndi manja onse awiri.

“Abambo aakulu, wakutumani ndi Mulungu. Timasowa chonyamulira maliro.”

Mawu amenewo anawapyoza mtima kuposa mwano uliwonse. Zaka zinayi akupukuta lole kuti akalankhule ndi mlamu wawo, ndipo katundu wake woyamba anali mtembo wa mlamuyo.

Bokosi anakhoma a Dominiko omwe, ndi matabwa amene achibale anapeza pamsika, ndipo chivundikiro anatseka ndi dzanja lawo. Matenda anali atawadya a Elube mpaka kutsala mafupa. Amuna anayi, a Dominiko ali m'gulumo, analinyamula mosavuta n'kulikweza m'lole. Amayi anakwera n'kulizungulira. Mayi Tabita anandiuza kuti ngakhale anali othithikana, pakona ya kumanzere, kumutu kwa bokosi, panatsala malo. Palibe anauza mnzake kuti asakhalepo. Aliyense ankangosendera kwina.

Anayamba ulendo cha m'ma folo koloko, chifunga chisanachoke. Amayi anayambitsa nyimbo ya maliro. Inayenda ndime imodzi, yachiwiri n'kuyamba kuchepa mawu, kenaka inangozima yokha. Kunatsala kulira kwa injini ndi kukwekwesa kwa matabwa. Msewu unayamba kutsika phiri. A Enoki anagwira chiwongolero mpaka zala kuuma. Fungo la bulangete lonyowa linalowa kutsogolo, mawindo ali otseka.

Gu, gu, gu.

Katatu, pamwamba penipeni pa mutu wawo.

Ulendo uno anaima. Anaponda buleki mpaka lole inakhwekhwereza matayala. Kutsogolo kunalibe chigumukire, kunalibe ng'ombe kapena munthu. Panali pamene kanjira ka kumudzi kwa a Elube kamapatukira kuchoka mumsewu, kamene m'chifungamo akanakapitirira.

A Dominiko anatsika. “Wagogoda ndani?”

Amayi anayang'anana. Onse manja anali m'zitenje chifukwa cha kuzizira.

“Ifenso tamva,” anatero mmodzi motsitsa mawu. “Timayesa ndi inu kutsogoloko.”

A Enoki anazimitsa injini. Anakwera kumbuyo, amayi n'kuwapatsa njira, nagwada pafupi ndi bokosi. Pakona ija sanayang'anepo.

“Alamu,” anatero, “ndine Enoki. Ndabwera mochedwa. Yoswa sali ku Nairobi, sanafikeko n'komwe. Anafa mu 1941, pansi pa lole imene ndinkayendetsa ine. Anandigogodera kuti ndiime, ine osaima. Kalata ndinaotcha. Munadikira munthu amene ndinamukwirira ndi manja angawa.”

Kunangomveka madzi a chifunga akudontha m'masamba. Tabita sanakuwe, sanatukwane.

“Amayi ankati alamu anga sanganame,” anatero. “Popemphera madzulo sankakuiwalani. Ankathokoza kuti ndinu munawabweretsera uthenga wabwino.”

A Enoki anatsamira mutu pabokosi.

Kanjirako kanali kopapatiza, lole sikanalowa. Amuna a m'mudzi anali atamva injini, ndipo anabwera kudzalandira maliro. Anayi anagwira bokosi, a Dominiko ali kutsogolo monga poyamba. Silinasunthe. Anayesanso, misempha ya m'khosi kutuluka, koma linangokwekwereka pang'ono. Anawonjezera awiri, kenaka ena awiri. Asanu ndi atatu ndiwo analitsitsa, ndipo panjira anapuma katatu, pamtunda woti mwana amathamanga osapuma. Litangotsika bokosilo, a Dominiko anamva sipuling'i ya kumanzere ikulira, lole n'kukhala mowongoka.

“Ndinakhoma ndekha bokosi limene lija,” amatero a Dominiko mpaka lero. “Ndikudziwa amene ndinaikamo. Phewa ili linatupa sabata yathunthu.”

M'mawa mwake Tabita anatuma uthenga kwa adzukulu okumba manda kuti awakuze pang'ono m'mbali. Sanafotokoze chifukwa, ndipo iwo sanafunse.

Usiku wathawo a Enoki anali atagona panja ndi amuna ena pasiwa. Palibe anawathamangitsa, komanso palibe anakhala nawo pafupi, kupatula a Dominiko. Nthawi ya zolankhula itakwana, woyendetsa mwambo anafunsa ngati alipo woimira akuchimuna. A Enoki anaimirira, chipewa chili m'manja.

“Ine ndine mkulu wake wa malemu Yoswa,” anatero.

Sanapitirize. Aka kanali koyamba kuti munthu atchule dzinalo ndi mawu akuti malemu, ndipo Tabita, amene anali atalimba mtima chiyambire dzulo lake, anadzigwetsa pansi. Mayi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa ana akeake, anayamba kulira bambo amene sanawaonepo nkhope. “Bambo anga ine, bambo anga ine.” Analira choncho njira yonse ya kumanda, moti anthu ochokera kumidzi yakutali ankafunsana chapansipansi kuti kodi amene tikukaika ndi mayi kapena bambo.