Yeso la Manda a Paison

Silvester wa ku Manjawira anali ndi ulemu wotopetsa. Ndiye analemba pulogalamu yogawira madzi alimi a mpunga kudambo, pamodzi ndi mayeso oona ngati ikuwerengera bwino. Koma yeso likalephera silinkanena cholakwika ayi. Linkangofiira pa laputopu n'kulemba kuti, "Pepani, matenda akula." Mwiniwake ankati nkhani yoipa saponyera munthu ngati mwala.

Madzulo ena mayeso asanu anafiira, onse mawu omwewo. Akomiti ya alimiwo anali atamuuza kale kuti pulogalamu ikapanda kuyenda pofika seveni koloko m'mawa, ntchito apatsa wina wa ku Boma. Anafufuza mpaka maso kuwawa, osapeza kanthu.

Magetsi anazima. Agalu anangoti zii. Kenako pachitseko, go! go! go!

Asanayankhe, pampando panali patakhala kale mkulu wina wovala chipewa cha kumigodi. Mpando wokonda kulira uja sunalire. Kuwala kwa laputopu kunkamupyola mpaka kukhoma.

"Ndine Paison," anatero mkuluyo. "Ndinamwalira chaka cha referendamu."

Silvester anachita mantha, thukuta kamukamu. "Mwa... mwaswera bwanji, agogo?"

"Kuswera kwa chiyani? Ndati ndinamwalira! Ulemu wanuwu ndi womwe unandilaula ine. Nditafa, kalata yopita kwa mwana wanga ku Joni inati matenda akula. Anafika patatha mwezi, atanyamula malalanje. Lembaninso mayesowa. Lililonse likhale ndi dzina lake ndi nkhani imodzi. Linene chomwe mumayembekezera ndi chomwe mwapeza."

Silvester anayamba kulembanso mayesowo. Mzukwa uli pakhosi pake, kumangoti, "Chotsani pepaniyo."

Atayendetsanso mayeso, loyamba linati, "Munda wa kumapeto kwa ngalande: timayembekezera madzi a maola atatu, tapeza ziro." Ha! Vuto lonse lija linali kamzere kamodzi. Anakonza, onse n'kubiriwira kusonyeza kuti zili bwino. Pocheuka kuti athokoze, pampando panalibe munthu.

Koma kumunsi kwa mayesowo kunatulukira yeso lina lofiira, lomwe iye sanalembe: "Manda a Paison: timayembekezera posesa, tapeza tchire."

Analifufuta, linabwerera. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso, lilipobe. Ndipo pulogalamuyo sinkayamba ntchito pakakhala yeso lofiira ngakhale limodzi, lamulo lomwe Silvester anaika yekha. Tambala woyamba analira.

M'bandakucha, amayi opita kudambo anamupeza kumanda, komwe munthu salowa yekha, khasu m'manja, laputopu pamtumbira wa Paison womwe anali ataulambula, akudumpha n'kumakuwa kuti, "Labiriwira! Labiriwira!" Mmodzi wa iwo, Mayi Zelesi, anataya dengu, liwiro la mtondo wadooka.

Ntchito sanamulande, ndipo madzi amafika munda uliwonse pa nthawi yake. Koma mpaka lero Silvester akamadutsa pamsika, amayi amakokera ana kumbuyo n'kumanong'onezana kuti bwana wake weniweni amagona kumasano.