Kampira ndi Tsiku Lomwetulira

Kampira anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kwawo ankamutchula Kampira chifukwa sankayenda, ankangodumpha. Kampira ankakonda mabuku a zithunzi. Ankafunitsitsa kusankhira anzake buku kulaibulale.

Kulaibulale kunali kalendala yaikulu pakhoma. Loweruka lililonse linali ndi dzina loseketsa. Kunali Tsiku la Zipewa. Kunali Tsiku la Masokosi Osiyana. Likafika tsikulo, mwana mmodzi ankaimirira kutsogolo. Ankanyamula buku loyenera tsikulo. Ankauza anzake kuti, "Werengani ili!"

Oyang'anira laibulale anali mayi ovala magalasi. Ana ankawatchula Amayi a Mabuku.

"Kampira," anatero Amayi a Mabuku, "Loweruka likubwerali ndi Tsiku Lomwetulira. Buku udzasankha ndiwe."

Kampira anadumpha. Anadumphanso. Anadumpha mpaka kunyumba.

Lachisanu m'mawa, Kampira analuma gwafa. Khwapu! Dzino lakutsogolo linaguluka. Linzake linali litaguluka kale. Kampira anathamangira pagalasi. Anamwetulira. Mayo! Kumwambaku kunali mpata waukulu.

Achimwene ake anasuzumira pakhomo.

"Iwe, wasiya zenera lotsegula!" anatero achimwene.

Kampira sanaseke. Anatseka pakamwa ndi dzanja. Tsiku limenelo sanadumphe.

Masana, bambo ake anamuperekeza kulaibulale. Kampira anaima patebulo la Amayi a Mabuku. Dzanja linali pakamwa.

"Mawa sindibwera," anatero chapansipansi.

"Bwanji, mwanangu? Ukudwala?"

"Ayi. Sindingamwetulire. Anzanga andiseka."

Amayi a Mabuku anagwada pansi. "Tandionetsa," anatero.

Kampira anachotsa dzanja pang'ono. Amayi a Mabuku anayang'ana. Sanaseke.

"Chabwino," anatero. "Ngati sukufuna, sindikukakamiza. Koma undithandize kusankha buku. Ine ndekha zandivuta."

Anapita pashelefu yapansi. Anatulutsa buku loyamba. Linali la dzuwa lomwetulira.

"Ili ndi la makanda," anatero Kampira.

Anatulutsa buku lachiwiri. Linali la ng'ona yotsuka mano.

"Ili mano achuluka," anatero Kampira.

Anatulutsa buku lachitatu. Linali lakale, chikuto chake chomata ndi tepi. Pachikuto panali mbuzi yokwinya nkhope.

Kampira anakhala pamkeka. Anatsegula bukulo. Munali munthu wojambula zithunzi. Ankafuna kujambula mbuzi. Koma mbuzi inkakana kumwetulira. Wojambula anavina. Mbuzi inakana. Wojambula anaimba. Mbuzi inakana. Wojambula anabwerera m'mbuyo, nagwera m'beseni la madzi. Phava!

Kampira anatsegula tsamba lomaliza. Mbuzi inali kuseka. Kampira anayang'anitsitsa. Kumwamba mbuzi inalibe mano akutsogolo!

"Adadi, taonani! Nayonso aguluka?"

Bambo ake anawerama. "Ayi," anatero. "Mbuzi zonse zili choncho. Mano akutsogolo zili nawo pansi pokha."

"Zonse?"

"Zonse. Ndipo sizidandaula."

Kampira anakumbatira bukulo. Anaganiza. Anaganizanso.

"Mawa ndibwera," anatero.

Loweruka linafika. Ana anadzaza pamkeka. Bambo ndi achimwene anakhala kumbuyo. Kampira anaimirira kutsogolo. Dzanja linkafuna kupita pakamwa. Koma buku linali lalikulu. Linkafuna manja onse awiri.

"Werengani ili," anatero Kampira. Mawu anatuluka aang'ono.

"Kweza mawu, mwanangu," anatero Amayi a Mabuku.

"Werengani ili! Muli mbuzi yamakani. Muli munthu wogwera m'madzi."

Kampira anaonetsa zithunzi. Wojambula anavina. Ana anaseka. Wojambula anagwa. Ana anaseka kwambiri. Kenako Kampira anatsegula tsamba lomaliza.

"Mbuzi iyi ili ngati ine," anatero. Anapuma mpweya wambiri. Anamwetulira.



Mtsikana wina wa maliboni ofiira m'mutu anaimika dzanja.

"Inenso!" anatero. Anayasama. Analibe dzino limodzi.

"Ine awiri!" anakuwa wina.

"Langa likugwedera! Taonani!" anatero winanso.

Ana onse anayamba kuonetsana mano. Palibe anaseka Kampira. Onse ankafuna buku la mbuzi.

"Pamzere, pamzere!" anatero Amayi a Mabuku. "Bukuli ndi limodzi."

Kampira anapumira m'mwamba. Mtima unakhala pansi.

Pobwerera, bambo anamugwira dzanja. Achimwene ankayenda pambali.

"Wachita bwino, mlongo wanga," anatero achimwene. "Koma Loweruka likubwerali uona. Ndi Tsiku Loimba Mluzu. Iwe mluzu suutha."

Zinali zoona. Kampira anali asanaimbepo mluzu. Anaima pamsewu. Anaika lilime pampata paja. Anauzira.

Fiii!

Galu wapanyumba ina anadzutsa makutu. Achimwene anatong'ola maso. Achimwene anayesa nawo. Kunangotuluka mpweya ndi malovu.

"Wachita bwanji? Ndiphunzitse!"

"Dikirani mano aguluke," anatero Kampira.

Bambo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kunyumba, amayi ake a Kampira anawamvera patali. Anatsegula chitseko.

"Kodi akuimba mluzuyo ndani?"

"Ndine, amama!" anatero Kampira. "Tamverani!"

Fiii! Fiii!